Lipoti la msonkhano wa momwe anthu amamvera ndi kuzindikira nyimbo

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu la owulutsa nyimbo, landirani moni.

Ndabwerako bwino kumsonkhano umene munandituma uja, ndipo ndikuthokoza kuti munandikhulupirira. Malisiti a ulendo, a malo ogona ndi a ndalama yolembetsera ndapereka kale kwa a Msungichuma, ndipo aliyense wofuna kuwaona akhoza kukawaona. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa ndisananyamuke panali manong'onong'o oti ulendowu ndi wongokadya alawansi. Werengani kaye mpaka kumapeto, kenako muweruze nokha ngati ndalama ya gulu yalowa m'madzi.

Msonkhano unali wa masiku atatu. Kunabwera owulutsa mawu, oyimba, anyamata ndi atsikana a m'masitudiyo, osunga nyimbo zakale, aphunzitsi a m'mayunivesite komanso anthu a makampani ogulitsa nyimbo pa intaneti. M'mawa wonse wa tsiku loyamba unathera m'malonje ndi m'zokamba za alendo olemekezeka. Za pamenepo palibe chachilendo choti ndikuuzeni.

Masana ndi pamene panachitika chinthu chimene sichikuchokabe m'mutu mwanga. Mayi wina wofufuza za ubongo ndi makutu anatigawira mapepala, nati tilembe manambala motsika m'mbali. Anatiuza kuti aziika tizidutswa ta nyimbo zodziwika, ife tizilemba dzina la nyimbo ndi la woyimba. Tonse tinakhala tcheru. Koyamba kanangoti pha! basi kwatha. Anthu anayang'anana, ena anaganiza kuti sipika yazima. Koma ayi, kadutswako kanali komweko, kosakwana ngakhale theka la sekondi. Ine amene ndakhala zaka zambiri kutsogolo kwa maikolofoni ndinangogwira cholembera m'manja, pepala lili mbee. Pambali panga panali mnyamata wojambula nyimbo mu situdiyo, iye cholembera chikungothamanga. Titamaliza ndinamufunsa kuti amazidziwa bwanji. Anandiyankha kuti iye mawu sawadikira n'komwe. Amamva kaliridwe ka ng'oma, kuuma kapena kunenepa kwa besi, ndi momwe mawu akubwererera m'chipinda chimene anajambuliramo. Zimenezo zokha zimamuuza zaka zimene nyimboyo inajambulidwa, ndipo kawirikawiri zimamuuzanso mwini wake. Ine ndinamuuza zoona kuti woyimba asanatsegule pakamwa ndimakhala ndilibe pogwira.

Mayi uja anatifotokozera kuti masewerowa anawatengera ku kafukufuku wa Carol Krumhansl wa ku Cornell University, amene anasindikizidwa mu 2010. Iye ankaika tizidutswa totalika magawo 4 mwa magawo 10 a sekondi, ndipo omvera ankatchula molondola dzina la nyimbo ndi la woyimba koposa kamodzi pa maulendo anayi alionse. Chodabwitsa china n'chakuti ngakhale pamene dzina linawasowa, ambiri ankathabe kulozera zaka zimene nyimboyo inatuluka komanso kunena ngati ndi yachisoni kapena yachisangalalo. M'kanthawi kochepa choncho mulibe liwu lathunthu, mulibe chuni, mulibe biti yoti n'kugwedezera mutu. Chotsala ndi mtundu wa kamvekedwe basi, monga momwe umadziwira kuti amene watsokomola panja ndi mchimwene wako usanamuone.

Kenako anati amene amadziwa mawu onse a nyimbo imene amaikonda kwambiri akweze manja. Manja anakwera pafupifupi theka la holo. Anafunsanso amene amakonda nyimbo zina koma sanayambe aganizirapo kuti zimanena chiyani. Manja enawo anakwera. Apa holo inasokonekera, chifukwa mbali iliyonse inkadabwa inzake. Mayi wina wachikulire anaimirira n'kuulula kuti kwa zaka zambiri ankavina nyimbo inayake mosangalala, ndipo tsiku limene mwana wake anamuwerengera mawu ake ndi pamene anadziwa kuti ndi ya munthu wolira mnzake amene anamwalira. Kwa iye liwu la woyimba linali ngati chida china choyimbira, pamodzi ndi gitala ndi ng'oma. Bambo wina anamuyankha kuti iye sangathe kumvera nyimbo ya mawu opanda nzeru ngakhale zida zikome bwanji, amazimitsa nthawi yomweyo.

Anzanga, apa ndi pamene ndinayamba kuona kuti mikangano yathu yambiri ya mu situdiyo gwero lake ndi limeneli. Aliyense wa ife amaganiza kuti momwe iye amamvera nyimbo ndi momwe anthu onse amamvera. Pali ogwira nyimbo ndi mawu ngati ine. Pali ogwira ndi chuni, oti kolasi yonse akhoza kukuyimbira ndi mluzu koma osatchula liwu n'limodzi lomwe. Ena amadziwa liwu la woyimba, moti ngakhale atulutse nyimbo yatsopano lero amuzindikira pa mpweya woyamba. Ena ndi a biti, thupi lawo limadziwa nyimbo mutu usanadziwe. Ndiye pali ena ambiri, mwina ochuluka kuposa onsewa, amene nyimbo amaimangirira ku nthawi ndi malo. Ukawafunsa dzina amangoti ija inkalira chaka chimene ndinkalemba mayeso, kapena ija bambo ankaikonda. Kwa iwo dzina lake ndi limenelo.

Mayi wofufuza uja anatiuzanso za anthu amene amabadwa osatha kusiyanitsa bwino kukwera ndi kutsika kwa mawu a nyimbo, ngakhale makutu awo ali abwinobwino ndipo zolankhula amamva popanda vuto. Isabelle Peretz wa ku University of Montreal wakhala akufufuza za anthu amenewa kwa zaka zambiri, ndipo kafukufuku wake wa mu 2017 anasonyeza kuti ndi munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100 alionse. Ukawaikira chuni chokha cha nyimbo yotchuka sachidziwa. Ukaikapo mawu, nthawi yomweyo aitchula. Anthu amenewa nawonso amamvera wayilesi zathu.

Tsopano ndifike pa chimene chinandikhudza kwambiri. Mu 1994 Daniel Levitin anatenga ophunzira wamba n'kuwauza kuti aliyense asankhe nyimbo imene amaidziwa bwino ndipo aiyimbe kuchokera m'mutu, osaimvera kaye. Atayerekeza ndi zimbale zenizeni anapeza kuti ambiri anayambira pa mlingo weniweni wa mawu umene woyimba anayambira, kapena pafupi nawo kwambiri. Patapita zaka ziwiri iye ndi Perry Cook anaonetsanso kuti liwiro limene anthuwo ankayimbira linali pafupifupi lofanana ndi la pa chimbale. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wamba amasunga nyimbo m'mutu molondola kuposa momwe timaganizira. Chimene chimathawa msanga ndi dzina, osati nyimbo.

Nditamva zimenezi ndinakumbukira nkhani ija imene tinaisiya m'malere chaka chatha, ndipo a Wapampando mundikhululukire, ndiyenera kuitchulanso. Mayi wina wachikulire anayimba foni pa pulogalamu ya zopempha omvera. Ankafuna nyimbo imene malemu amuna awo ankaikonda. Dzina analibe, woyimba sankamudziwa, ndiye anayamba kung'ung'uza chuni chake pa foni, mawu akunjenjemera. Mnzathu amene anali pa maikolofoni tsiku limenelo anaseka, nawauza kuti akapeze kaye dzina, n'kudula foni. Ine ndinadandaula pa msonkhano wotsatira ndipo ndinauzidwa kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono, nthawi ya pa wayilesi ndi yodula. Sindikufuna kuti munthu alangidwe, ndipo dzina lake sinditchula. Koma mayi aja sanalakwe chilichonse. Anabweretsa nyimbo yonse, yosungidwa bwino kwa zaka, ndipo chimene ankasowa ndi chimene ife timalipidwa kuti tidziwe. Mpaka lero palibe anawapepesa. Omvera otere amatipeza tsiku ndi tsiku: ija imayamba ndi gitala yekha, ija mayi amayankha bambo pa kolasi, ija ili ndi malipenga pakati. Kumeneko si kusadziwa, ndi momwe iwo amadziwira nyimbo.

Za madzulo a tsiku loyamba, zokhudza momwe mawayilesi angakopere otsatsa malonda, zinali zomwe zija timamva chaka ndi chaka.

Tsiku lachiwiri linali la makina ozindikira nyimbo, ndipo ndinakhala kutsogolo penipeni chifukwa nkhani imeneyi yatigawanitsa kwa nthawi yaitali. Ambiri timaidziwa Shazam ngati kachizindikiro ka pa foni, koma inayamba mafoni amakonowa kulibe. Inatsegulidwa ku Britain mu 2002. Munthu ankayimba nambala ya 2580, manambala anayi otsika pakati penipeni pa mabatani a foni, n'kulozetsa foniyo kumene kukuchokera nyimbo. Pakatha masekondi ochepa foni inkadzidula yokha, kenako kunkabwera uthenga wa dzina la nyimbo ndi la woyimba. Njira imene imagwiritsa ntchito anaikonza ndi Avery Wang, ndipo anailongosola poyera mu 2003. Kampani ya Apple inagula Shazam mu 2018.

Bambo amene ankatiphunzitsa anationetsa pa khoma momwe zimayendera, ndipo ndiyesetsa kufotokoza monga ndinamvera. Kompyuta imasandutsa nyimbo kukhala chithunzi. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi, kuchokera pansi kupita pamwamba ndi kutsika kapena kukwera kwa mawu. Ikatero imataya pafupifupi zonse, n'kungosunga timadontho ta pamene mawu amveka mwamphamvu kuposa oyandikana nawo. Chotsalacho chimaoneka ngati nyenyezi usiku wopanda mwezi. Kenako imatenga timadonthoto tiwiritiwiri, n'kulemba msinkhu wa kalikonse ndi kutalikirana kwawo pa nthawi. Chimenecho ndiye chidindo cha chala cha nyimboyo, ndipo chimasungidwa m'nkhokwe ya kampani. Iwe ukalozetsa foni, iyo imapanga chidindo cha kadutswa kamene yamva n'kukafunsa kunkhokweko ngati kuli nyimbo imene madontho ake akugwera pamalo omwewo motsatizana. N'chifukwa chake imagwirabe ntchito pamalo aphokoso: anthu alongolole bwanji, nsonga zamphamvu zija zambiri zimatsalabe.

Anayesa pamaso pathu. Anaika nyimbo yotchuka, ife tonse tikuwomba m'manja ndi kukuwa monga anatiuzira, ndipo foni inatchula dzina masekondi asanathe khumi. Kenako anapempha woyimba wina amene anali m'holomo kuti ayimbe nyimbo yomweyo ndi gitala wake. Anaiyimba bwino zedi, tonse tinaidziwa pa mzere woyamba, koma foni inangozungulirazungulira n'kulephera. Makinawo sadziwa nyimbo ayi. Amadziwa kujambula kumodzi kwa nyimboyo, kumene kunachitika tsiku linalake mu situdiyo inayake. Madontho akasuntha pang'ono, kwa iwo chimenecho ndi chinthu china.

Za kung'ung'uza ziliko ndithu. Mu October 2020 kampani ya Google inayambitsa njira yoti munthu azing'ung'uza, kuyimba mluzu kapena kuyimba kwa masekondi 10 mpaka 15, iyo n'kumupatsa mayina a nyimbo zimene zikufanana nazo. Imeneyi imachotsa zida ndi mtundu wa liwu la munthu n'kungotsala ndi kayendedwe ka chuni. Ndinaiyesa pa nthawi yopuma. Nyimbo zotchuka dziko lonse inazipeza. Nditang'ung'uza ziwiri za m'makaseti akale amene timasunga ife, inandipatsa mayina a nyimbo zina zosagwirizana n'komwe. Ndinayesanso kulemba mzere wa mawu a imodzi mwa nyimbozo pofufuzira, osapeza kanthu, chifukwa palibe munthu anakhalapo pansi n'kulemba mawu akewo pa intaneti. Makina onsewa amatulutsa zokhazo zimene wina analowetsa m'nkhokwe. Nyimbo ya woyimba wamng'ono amene anangobweretsa pa fulashi, nyimbo ya pa kaseti imene kampani yake inatha kalekale, nyimbo imene tinajambula tokha pa phwando la zoyimba, zonsezi kwa makinawo kulibe.

Ndiye ndifunse, anzanga. Pa msonkhano wina wa gulu lathu tinagwirizana, ine ndikukana, kuti tichepetse kutchula mayina a nyimbo n'cholinga choti nyimbo zizitsatizana popanda kudukiza. Mfundo imene inapambana inali yakuti masiku ano aliyense ali ndi foni, wofuna dzina adzipezera yekha. Kodi adzipezera kuti? Nyimbo zimene foni imazidziwa ndi zomwe zija zotchuka kale, zosasowa thandizo lathu. Zimene foni siizidziwa ndi zimene zimadalira pakamwa pathu pokha. Tikakhala chete, woyimba wamkulu sataya kanthu, koma wamng'ono uja nyimbo yake imadutsa ngati mphepo, womvera waikonda koma sadziwa kuti akaifunse bwanji mawa. Komanso tisaiwale woyendetsa galimoto, wochapa, wodwala ali gone, wosaona, ndi wa foni ya mabatani. Ndikudziwa kuti achinyamata ena m'gulu lathu amanena kuti kutchulatchula mayina ndi kachitidwe kachikale ndipo kumapha moto wa pulogalamu. Ndawamva, ndipo sindikunena kuti tizikamba mbiri ya woyimba pa nyimbo iliyonse. Kutchula dzina la nyimbo ndi la mwini wake sikutenga masekondi asanu.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ndi ya ndalama. Nyimbo iliyonse yojambulidwa imayenera kukhala ndi nambala yake yapadziko lonse yotchedwa ISRC. Ili ndi zilembo ndi manambala 12: ziwiri zoyamba kawirikawiri zimaimira dziko, zitatu zotsatira amene analembetsa, manambala awiri chaka, ndipo asanu omaliza ndi a nyimboyo payokha. Nyimbo yomweyo ikajambulidwanso kapena ikasakanizidwa mwatsopano imalandira nambala ina. Mabungwe otolera ndalama za eni nyimbo amadalira mayina olondola ndi manambala amenewa kuti adziwe wolandira. Ife tikalemba dzina lolakwika pa fomu yathu ya nyimbo zimene taika pa wayilesi, kapena tikasiya mpata, ndalama ya munthu imasochera. Tsono tsegulani kompyuta ya mu situdiyo muone. Mafayilo ambirimbiri alembedwa Track 01, Track 02, ena dzina la amene anabweretsa fulashi, ena dzina la malo a pa intaneti kumene anatengedwa. Njira yolembera dzina mkati mwa fayilo ya MP3 inayamba mu 1996, ndipo poyamba inkalola zilembo 30 zokha pa dzina la nyimbo ndi 30 pa la woyimba, n'chifukwa chake mayina ena akale amaoneka odukira panjira. Koma vuto lathu si la zilembo 30. Vuto lathu n'lakuti palibe amene anapatsidwa udindo wolemba.

Ndikadali pa za ndalama, a Msungichuma, ndinene pano kuti zilembedwe. Alawansi inafika tsiku lachiwiri la msonkhano, ine nditalipira kale ulendo ndi usiku woyamba kuchokera m'thumba mwanga, ndipo ndalama yolembetsera ndinachita kubwereka. Sindikuloza chala munthu, koma aka si koyamba nthumwi ya gulu lino kunyamuka chimanjamanja. Amene anapita chaka chatha anadandaula zomwezi ndipo tinalonjezana kuti sizidzachitikanso. Zikapitirira, kumisonkhano kuzipita okhawo amene ali ndi kangachepe, ndiye manong'onong'o aja sadzatha.

Gawo la malamulo a umwini wa nyimbo linali lowerenga ndime ndi ndime, mapepala ake ndasiya kwa a Mlembi. La mitundu yatsopano ya masipika linali lotsatsa katundu basi.

M'mawa wa tsiku lomaliza tinakambirana momwe kamveredwe ka anthu kakusinthira nyimbo zenizenizo. Hubert Léveillé Gauvin, ali ku Ohio State University, anayeza nyimbo zimene zinafika m'gulu la khumi zapamwamba ku United States kuyambira 1986 mpaka 2015. Anapeza kuti m'zaka za m'ma 1980 zida zinkayamba zalira zokha kwa masekondi oposa 20 woyimba asanalowe, koma pofika 2015 nthawiyo inali itatsika kufika pafupifupi masekondi 5. Chimodzi mwa zifukwa zimene zinatchulidwa n'chakuti pa Spotify, malo omvererapo nyimbo pa intaneti, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa pokhapokha munthu akaimvera masekondi 30, ndipo chala cha womvera chimakhala pafupi ndi batani lodumphira. Woyimba ndiye amathamangira kolasi kuti agwire munthu asanathawe. Pamwamba pa izi pabwera timavidiyo tatifupi ta pa TikTok, kumene mwana amadziwa kachigawo kapakati ka nyimbo pamodzi ndi kavinidwe kake, koma poyambira sapadziwa, dzina salidziwa, nkhope ya woyimba sanaionepo. Mtsikana wina wowulutsa mawu anati omvera ake akafuna nyimbo amafotokoza kavinidwe kake, ndipo iye amaidziwa nthawi yomweyo.

Kunena zoona, poyamba ndinamva chisoni, chifukwa ine ndinakulira pa kumvera chimbale chonse kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, chikuto chili m'manja ndikuwerenga amene anayimba besi. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti mwana wofotokoza kavinidwe uja sakusiyana ndi mayi ong'ung'uza pa foni aja. Onse awiri agwira nyimbo ndi mbali imene inawafika pamtima, ndipo onse awiri akusowa dzina. Ife achikulire m'gulu lino timafulumira kunyoza woyambayo, achinyamata amafulumira kuseka wachiwiriyo. Ndinamvanso kumeneko zimene ofufuza apeza mobwerezabwereza, kuti munthu amakumbukira kwambiri ndi kukonda nyimbo za pamene anali wachinyamata, kuyambira zaka khumi ndi zingapo mpaka za m'ma 20. Ndiye tikamakangana kuti nyimbo zabwino zinali za kale kapena ndi za lero, nthawi zambiri aliyense amangoteteza unyamata wake. Zimenezi ndikudziuza ndekhanso, chifukwa pa mkangano wa ndandanda ya nyimbo za Lamlungu ndinalankhula mawu owawa kwa anzathu ang'onoang'ono, ndipo ndikuwapepesa.

Koma pa chinthu chimodzi sindisuntha. Chizolowezi cholankhula pamwamba pa chiyambi cha nyimbo mpaka woyimba atalowa, kenako n'kuidula kolasi yachiwiri isanathe, chimalanda womvera wa chuni ndi wa zida chimene iye anatsegulira wayilesi. Pa nyimbo zatsopano za masekondi asanu aja palibe chotayika. Pa nyimbo zakale, masekondi 20 oyamba aja ndi pamene woyimba gitala ankaonetsera luso lake lonse, ndipo omvera ambiri amaidziwira nyimbo pomwepo.

Panalinso kachigawo kakafupi ka zaumoyo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa chomvera mokweza, ndipo limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa phokoso wa madesibelo 80. Ife timavala mahedifoni maola ambiri tsiku lililonse, ndipo a mu situdiyo yachiwiri aja mbali imodzi inafa, moti munthu amakweza mpaka kumapeto kuti amve ndi khutu limodzi. Tinapempha atsopano kalekale.

Potseka, nthumwi zinavota pa mfundo zingapo. Yoti mawayilesi azitchula dzina la nyimbo ndi la woyimba pakangodutsa nyimbo ziwiri kapena zitatu inadutsa mosavuta, ndipo ine ndinaikwezera dzanja ngakhale ndikudziwa kuti ikutsutsana ndi zimene gulu lathu linagwirizana. Ndikuvomera kuti komiti sinanditume kutero, ndipo ndili wokonzeka kuyankhapo. Ina inali yolimbikitsa kuti mafomu olemba pamanja athe, makina omvera okha ndiwo azilemba nyimbo zimene zaikidwa pa wayilesi. Imeneyi inadutsanso, koma ine ndinali m'gulu la ochepa amene anakana. Oikira kumbuyo mfundoyi ananena zoona kuti makina satopa, saiwala, ndiponso sangalembe dzina la mnzawo pa nyimbo imene sinalire. Chinyengo choterocho chilipo, tonse tikudziwa. Koma makina omwewo ndi aja analephera kuzindikira woyimba ali chiimire patsogolo pathu ndi gitala wake. Tikataya fomu lero, nyimbo iliyonse imene ilibe chidindo m'nkhokwe idzaoneka ngati sinalirepo pa wayilesi, ndipo mwini wake sadzalandira kanthu. Maganizo anga ndi oti ziwirizi ziyendere limodzi mpaka nyimbo zathu zonse zitalembetsedwa.

Zimenezi zikundifikitsa kwa bambo athu amene akhala akusunga nyimbo kuyambira ambiri a ife tisanalowe ntchito. Pamene tinkasamutsira nyimbo pa kompyuta, komiti inati makope amene iwo ankalembamo mayina a nyimbo ndi ongodzaza malo, ndipo anatsala pang'ono kutayidwa pamodzi ndi makatoni. Iwo anawatola mwakachetechete n'kupita nawo kunyumba. Nditangobwerako ndinapita kukawaona ndipo ananditsegulira limodzi. Mapepala achita chikasu, m'mphepete mwadyeka, koma mzere uliwonse uli ndi dzina la nyimbo, woyimba, chaka, mbali ya kaseti, ndiye kumapeto kandemanga ka pensulo: imayamba ndi ng'oma, mayi amalowa pa vesi yachiwiri, anthu amaitchula dzina lakutilakuti koma lenileni ndi ili. Iwo ankalemba dzina limene omvera anaipatsa nyimbo pambali pa dzina limene woyimba anaipatsa. Chimene aphunzitsi aja anatenga masiku atatu kutifotokozera, bambowa anakhala akuchichita ndi pensulo. Ndinawang'ung'uzira chuni chija cha mayi a pa foni aja monga momwe ndinachikumbukira. Anatseka maso, nandiuza kuti ndibwereze, kenako anavundukula kope lachitatu n'kuloza mzere ndi chala. Kaseti yake ilipo, ili m'katoni ya pansi pa shelefu.

Choncho a Mlembi, ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu muike pa ndandanda nkhani yobwezeretsa kutchula mayina a nyimbo, kuti tivotenso titamva zonsezi. Muikenso yoti pa pulogalamu ya zopempha omvera munthu wopanda dzina la nyimbo asamadulidwe foni, koma azipatsidwa mpata wong'ung'uza kapena wofotokoza, ndipo ngati wowulutsa sakuidziwa afunse omvera ena. Za alawansi ndi za mahedifoni ndanena kale. Nambala ya mayi aja iyenera kuti ikadali m'buku la mafoni la mwezi umenewo, ndipo ndikupempha chilolezo cha a Wapampando kuti ndiwayimbire m'dzina la gulu, ndiwapepese, ndi kuwauza tsiku limene tidzaike nyimbo yawo.

Bambo aja avomera kubweretsanso makope awo, bola asungidwe m'kabati yokhoma. Ine ndi iwo tiyamba Loweruka m'mawa kumvera mafayilo a Track 01 aja imodziimodzi n'kumalemba mayina. Tikufuna anthu ena awiri, makamaka mwa achinyamata amene amadziwa kulemba mayina mkati mwa mafayilo ndi kufufuza manambala a ISRC. Wodzipereka alembetse kwa a Mlembi pofika Lachinayi.